Anawafunsa nambala ya ululu, kenako tinakhala pabenchi maola awiri

Mayi_wa_Atatu:
Anzanga ndithandizeni kumvetsa, mwina wosadziwa ndine. Loweruka usiku bambo a kunyumba anayamba kumva kupweteka m'mimba, chakumunsi kudzanja lamanja. Poyamba tinkati zisiya zokha, koma pofika cha m'ma 11 koloko anali atapindika, thukuta lili kamukamu, kuyenda kwake kogwira khoma. Tinathamanga nawo kuchipatala, ku emergency. Anesi atatilandira anawayeza BP ndi kutentha kwa thupi, kenako n'kufunsa kuti, "Bambo, ululu wanu uli pa nambala yanji kuyambira 0 mpaka 10?" Munthu akulephera ndi kuwongoka komwe, inu n'kumamufunsa masamu? Iwo mwa ulemu wawo anangoti 5. Basi, anatilozera pabenchi. Tinakhala pamenepo maola awiri ndi theka. Nditapita kukapempha ngakhale panado, anandiyankha kuti sangapereke kanthu mpaka adokotala a opaleshoni awaone, chifukwa mankhwala amabisa matenda. Inapezeka kuti ndi apendikisi, anawachita opaleshoni m'mawa mwake ndipo pano akupezako bwino. Koma ine mtima sunakhale pansi. Nambala ija ndi ya chiyani kwenikweni? Nanga ndi zoona kuti wodwala m'mimba sapatsidwa mankhwala opha ululu asanaonedwe ndi dokotala?

Kadzidzi77:
Pepani amayi. Koma bambo nawonso, 5 wa chiyani munthu atapindika choncho? Ine ndikanati 20.

Mdzukulu_wa_Gogo:
Zoti mankhwala amabisa matendazo nafenso anatiuzapo. Ndinkangoyesa ndi lamulo la zipatala zonse.

Nesi_wa_Usiku:
Pepani kwambiri amayi, ndipo tithokoze kuti bambo ali bwino. Ine ndine namwino, ndakhalitsa ku emergency, ndiye ndiyambe ndi funso la nambala.

Ululu ulibe makina oyezera. Shuga timayeza, kutentha kwa thupi timayeza, koma ululu amaudziwa ndi mwiniwake. Ambiri amaganiza kuti timauona pa BP kapena pa kugunda kwa mtima. Ayi. Ndaonapo anthu othyoka fupa la ntchafu mtima ukugunda ngati palibe chachitika, ndi ena a mantha chabe mtima ukuthamanga. N'chifukwa chake timafunsa. 0 ndiye kuti palibe chikupweteka, 10 ndi ululu woposa wina uliwonse umene mungauganizire. Kawirikawiri 1 mpaka 3 timati wochepa, 4 mpaka 6 wapakati, 7 mpaka 10 waukulu.

Nambalayo imagwira ntchito ziwiri. Yoyamba, imathandiza kusankha amene aonedwe msanga, chifukwa ku emergency sitiyendera zoti wafika poyamba ndani. Mwachitsanzo pa ndondomeko ya Manchester, imene zipatala za m'maiko ambiri zimatsata, wodwala amapatsidwa mtundu: wofiira aonedwe pompopompo, wa olenji pasanathe mphindi 10, wachikasu mphindi 60, wobiriwira 120, wa buluu 240. Ululu waukulu paokha umamufikitsa munthu pa olenji. Ndiye 5 uja anawatsitsira bambo kugulu la odikira. Ntchito yachiwiri ndi kuyerekeza: ukapereka mankhwala umabwerera kukafunsanso, kuti uone ngati 8 uja watsika.

Pamene mnzanga uja analakwitsa ndi apa: sanafotokoze tanthauzo la nambalazo, ndipo analemba zimene anamva osayang'ana zimene ankaona. Munthu wopindika, wa thukuta, akati 5, umafunsanso: "Bambo, mungathe kugona nawo ululu umenewu? Mungayende nawo?" Mayankho ake amakonza nambala ija.

Kadzidzi77:
Mwaulula chinsinsi a Nesi. Kuyambira lero ndi 10 basi, ngakhale nditangodzitema ndi lezala.

Nesi_wa_Usiku:
Achimwene, anthu otchula 10 uku akuseka ndi kuseweretsa foni timawaona usiku uliwonse. Mumangotisokoneza, ndipo tsiku limene udzakhaledi 10 mudzasowa nambala yotchula.

Dotolo_Wopuma:
Funso lachiwirilo ndiyankhe ine, poti ndinaphunzitsidwa zomwezo ndipo ndinazichita zaka zambiri ndisanasiye.

Chiphunzitso choti wodwala m'mimba asapatsidwe mofini, mankhwala amphamvu opha ululu, chinazika mizu ndi dokotala wa opaleshoni wa ku London, Zachary Cope, amene analemba za matenda a m'mimba adzidzidzi mu 1921. Nthawi imeneyo anali ndi zifukwa zomveka. Kunalibe sikani, kunalibe CT, chida chachikulu cha dokotala anali manja ake. Komanso mofini ankabaya wochuluka kamodzi n'kamodzi, wodwala n'kugona tulo tofa nato, dokotala pofika n'kupeza munthu wosatha kunena pamene pakumuwawa. Ena ankabwezedwa kunyumba apendikisi itatsala pang'ono kuphulika.

Koma nkhaniyi inafufuzidwa mobwerezabwereza. Gulu la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana n'kumuunika pamodzi, linanena mu 2011 kuti kupereka mankhwala a gulu la mofini kwa akuluakulu odwala m'mimba mwadzidzidzi sikuchulukitsa kulakwitsa matenda kapena kulakwitsa chithandizo. Ine zimene ndinaona ndi maso anga n'zakuti wodwala amene ululu wamutsikako amayezeka bwino kuposa amene akudzigudubuza. Amalola kuti umugwire pamimba, amayankha mafunso, ndipo ukadina pamene pali vuto amadumphabe. Mankhwala amachotsa kubuula, sachotsa kutupa kwa apendikisi.

Choncho amayi, limene anakuuzanilo si lamulo, ndi chizolowezi chakale chimene chakana kufa. Chimodzi chokha ndiwaikire kumbuyo: munthu amene akuganiziridwa kuti apita ku opaleshoni amaletsedwa kudya ndi kumwa, ndiye mwina ankapewa mapiritsi. Koma mtsempha unalipo. Paracetamol yemwe alipo wodzera mu diripi.

Mtsutsi_Weniweni:
A Dotolo, ndi ulemu wonse, kuyankhula mutapuma n'kosavuta. Bwanji simunkachita zimenezo muli pantchito?

Dotolo_Wopuma:
Ndanena kale kuti ndinachedwa kusintha. Sindikubisa.

Wa_Shifiti_Ziwiri:
Ine ndikadali pantchito, ndipo ndikufuna anthu amve mbali yathu asanatiweruze. Mofini sakhala patebulo. Amakhala m'kabati yokhoma, kiyi ali ndi munthu mmodzi, potulutsa pamafunika anthu awiri asaine m'kaundula, wotsala mu botolo atayidwe pali mboni. Ukamubaya munthu mu mtsempha sungamusiye pabenchi, uyenera kumayang'ana kapumidwe kake, chifukwa choopsa chachikulu cha mofini ndi kuchepetsa kupuma. Pafunika bedi, oxygen pafupi, ndi naloxone wobwezera zinthu zikalakwika. Tsono usiku umene muli awiri okha, mabedi onse odzaza, ambulansi yangotsitsa ovulala pangozi ya galimoto, mukuti nditani? Komanso malo ambiri namwino saloledwa kupereka mankhwala dokotala asanalembe. Si nkhanza nthawi zonse ayi.

Nesi_wa_Usiku:
Zonsezo n'zoona mnzanga, ndimazidziwa. Koma tisabise kuti pali zimene zili m'manja mwathu. Ku Australia ndi ku UK zipatala zambiri zinakhazikitsa ndondomeko yoti namwino wolandira odwala apereke yekha paracetamol kapena ibuprofen, penanso ngakhale mankhwala amphamvu, osadikira dokotala. Sizifuna ndalama zambiri, zimafuna pepala limodzi losainidwa ndi akuluakulu. Ndipo ngati chifukwa chenicheni ndi kuchepa kwa manja, timuuze wodwala zimenezo, osati kumunamiza kuti mankhwala abisa matenda.

Selo_Yopindika:
A Nesi, mwayankha bwino zambiri koma pa za foni paja mwandiponda pachilonda. Ine ndinabadwa ndi sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo. Ululu ukandigwira umakhala ngati wina akuboola mafupa ndi msomali wamoto, msana, miyendo, nthiti, zonse pamodzi. Ndakhala nawo kuyambira ndili mwana, ndiye sindiliranso mokuwa. Ndinaphunzira kukhala chete, kupuma pang'onopang'ono, kuika nyimbo m'makutu, kuseweretsa foni kuti maganizo achoke pa ululupo. Ndiye wina amandiyang'ana n'kunena kuti uyu akunama, onani ali pa foni.

Choipitsitsa ndi ichi: ndikatchula dzina la mankhwala amene amandithandiza ndi mlingo wake, nkhope zimasintha. Amayamba kunong'onezana kuti ameneyu ndi wa chibaba cha mankhwala. Koma ndingalephere bwanji kudziwa mankhwala anga nditagonekedwa kosawerengeka? Wa shuga akatchula insulin wake amamuyamikira kuti amadzisamala. Tsiku lina ndinadikira kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku, dokotala wina atandiuza kuti "tiyambe taona ngati ukunena zoona". Pomwe malangizo a bungwe la NICE ku England, a mu 2012, amati wa sickle cell wobwera ndi ululu apatsidwe mankhwala pasanathe mphindi 30 chifikireni.

Nesi_wa_Usiku:
Mwandigwira pamenepo, ndipo ndavomera. Ndimanena za anyamata ocheza, koma mawu angawo ndi omwewo amene amakupwetekani. Kusukulu anatiphunzitsa mfundo ya namwino wina wa ku America, Margo McCaffery, ya mu 1968, yakuti ululu ndi chimene mwiniwake wanena kuti ndi ululu. Timailoweza pamayeso, n'kuiiwala pa shifiti. Pepani.

Selo_Yopindika:
Zikomo. Si ambiri amapepesa.

Ndili_Kunja:
Ndikumva chisoni ndi a Selo, komabe pali mbali ina imene simukuitchula. Kuno ku America anayesa zomwe mukufunazo. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 bungwe la American Pain Society linayamba kulalikira kuti ululu uziyezedwa nthawi zonse ngati mmene amayezera BP, kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi kutentha kwa thupi, ukhale chizindikiro chachisanu. Mu 2001 bungwe loyendera zipatala la Joint Commission linaika malamulo a za ululu. Nthawi yomweyo mankhwala a OxyContin, a gulu la mofini, anali atangolowa pamsika mu 1996, akutsatsidwa ngati osakola munthu. Madokotala anayamba kuthamangitsa nambala kuti ifike pa 0, odwala n'kumapita kunyumba ndi mabotolo a mapiritsi. Zotsatira zake tonse tikuzidziwa. Mu 2021 mokha anthu oposa 80,000 anafa ndi mankhwala a gulu limeneli. Ndiye dokotala akamakayikira, si kuti alibe mtima.

Dotolo_Wopuma:
Mbiri mwaifotokoza molondola, koma phunziro lake mwalitenga mokhota. Chimene chinawononga America si jakisoni wa mofini wobaya munthu wothyoka mwendo ali pabedi la ku emergency. Ndi mapiritsi a milungu ndi miyezi operekedwa pa ululu wokhalitsa monga wa msana, kenako heroin, kenako fentanyl (wa gulu lomweli koma wamphamvu kwambiri) wopangidwa mobisa, amene ndiye akupha ambiri masiku ano. Zinthu ziwiri zosiyana.

Ndipo vuto la dziko lonse lapansi ndi losemphana ndi la America. Komiti ya magazini ya zaumoyo ya Lancet inapeza mu 2017 kuti theka losauka la anthu a padziko limalandira 1 peresenti yokha ya mankhwala a gulu la mofini. Kunena kuti tichepetse mofini kumene kulibe n'komwe kuli ngati kumuletsa kunenepa munthu wa njala.

Ngakhale ku America komweko, kuperewera kwa chithandizo cha ululu ku emergency kunapatsidwa dzina mu 1989, oligoanalgesia. Kafukufuku wa mu 1993 ku Los Angeles anapeza kuti mwa anthu othyoka mafupa aatali, a mtundu wa Hispanic (amene makolo awo anachokera ku maiko oyankhula Chisipanishi) ankabwerera osalandira mankhwala alionse opha ululu kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi azungu. Wina wa mu 2000 ku Atlanta anapeza kusiyana kotereku pakati pa akuda ndi azungu. Fupa lothyoka limaoneka pa X-ray, palibe zoti akunama. Choncho kukayikira kuja sikugwera aliyense mofanana.

Ndili_Kunja:
Pa kusankhanako sinditsutsa, ndimakuona ndi maso. Ndimangoti mofini asakhale yankho la chilichonse.

Wa_Famase:
Pamenepo ndiye tigwirizane, chifukwa si yankho la chilichonsedi. Mu 2017 magazini ya JAMA inatulutsa kafukufuku wa ku New York wa anthu oposa 400 obwera ku emergency atavulala mkono kapena mwendo. Ena anawapatsa ibuprofen 400 mg pamodzi ndi paracetamol 1,000 mg, ena oxycodone, ena hydrocodone, ena codeine (atatuwa ndi a gulu la mofini), onsewa ophatikiza ndi paracetamol. Patatha maola awiri ululu unali utatsika pafupifupi mofanana m'magulu onse anayi. Mankhwala awiri wambawa, ibuprofen ndi paracetamol, amagwira ntchito m'njira zosiyana, ndiye ukawaphatikiza amathandizana. Anthu amanyoza akapatsidwa panado, amati sanandithandize, koma nthawi zambiri vuto limakhala mlingo wochepa kapena kumupereka yekha.

Kadzidzi77:
Ine popanda jakisoni sindimva kuti ndapita kuchipatala.

Wa_Famase:
Muli ambiri. Koma jakisoni wa pathako amapweteka, ndipo mankhwala ake amalowa m'magazi mosadalirika, makamaka munthu akataya magazi kapena madzi. Ngati mungathe kumeza, piritsi limakwana pa ululu wochepa ndi wapakati. Ngati ululu ndi waukulu, njira yabwino ndi mu mtsempha, pang'onopang'ono: kupereka kachigawo, kudikira mphindi zisanu kapena khumi, kufunsa, kuwonjezera mpaka munthu apeze mpumulo. Ndipo pethidine, jakisoni wa gulu la mofini uja ambiri amamukonda, akusiyidwa m'maiko ambiri, chifukwa thupi likamamuphwanya amasanduka norpethidine, amene akaunjikana amatha kumugwetsa munthu ngati wa khunyu.

Mai_Mapasa:
Mundikhululukire koma ndaseka pa 20 wa a Kadzidzi. Azibambo chimfine chokha amalemba wilo. Mukanalawako za ku leba bwenzi mukudziwa 10 weniweni.

Kadzidzi77:
Mayi, nkhaniyi yayamba ndi bambo amene apendikisi ikuphulika anati 5. Mutipatseko ulemu lero lokha.

Bambo_Miyala:
Ine ndinadwalapo timiyala ta mu impso. Mayi wina amene tinagona naye chipatala chimodzi, wa ana anayi, anandiuza kuti bola kubereka, chifukwa kubereka kumapumira ndipo pamapeto umanyamula mwana. Ine pamapeto anandionetsa kamwala kochepa ngati mutu wa machesi.

Mai_Mapasa:
Mayi ameneyo sanabereke mapasa.

Bambo_Miyala:
Koma chimene ndimafuna kunena n'chakuti chinandithandiza si mofini. Anandibaya diclofenac, pasanathe ola ndinali nditagona tulo. Ndinadabwa.

Wa_Famase:
Musadabwe. Pa timiyala ta mu impso mankhwala a gulu la diclofenac ndi ibuprofen ndiwo oyamba kusankhidwa, amachepetsa kutupa ndi kukanika kwa njira ya mkodzo, ndipo sasanzitsa ngati mofini. Koma chonde gulu limeneli si la aliyense. Wa zilonda za m'mimba, wa impso zofooka, wotaya magazi, womwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, wotha madzi m'thupi, mayi woyembekezera makamaka miyezi itatu yomaliza, onsewa angavulale nawo. Okalambanso tisamale nawo. Paracetamol naye ali ndi malire: munthu wamkulu asapyole magalamu 4 pa maola 24, ndipo wochepa thupi kapena womwa mowa kwambiri achepetsenso. Kupyola apo chiwindi chimawonongeka mwakachetechete, zizindikiro zimabwera mochedwa. Msampha ndi wakuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati.

Mdzukulu_wa_Gogo:
Tibwerere ku nambala ija. Nanga munthu amene sangathe kuitchula? Agogo anga ali ndi matenda oiwala, satizindikiranso bwinobwino. Anagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Ku emergency anawafunsa ngati akumva kupweteka, iwo anangomwetulira n'kuyamba kukamba za anthu amene anamwalira kalekale. Papepala analemba kuti palibe ululu. Usiku wonse ankakuwa, kuzula diripi, kumenya anesi, ndipo anawabaya mankhwala ogonetsa m'malo mwa opha ululu.

Nesi_wa_Usiku:
Izi ndiye zimandiwawa kuposa zonse. Anthu otere ali ndi sikelo yawo, PAINAD, imene inatuluka mu 2003. Sufunsa, umayang'ana zinthu zisanu: kapumidwe, kubuula kapena kulira, nkhope, mmene thupi laumira kapena kukankha, ndi ngati akutonthozeka ukamuyankhula kapena kumugwira dzanja. Chilichonse umapereka 0, 1 kapena 2. Ndipo fupa la m'chiuno likathyoka sipafunikanso kufunsa, limapweteka basi. Kuzula diripi kuja nthawi zambiri ndi ululu umene ukusowa mawu, ndipo ululu wosathandizidwa umawonjezera kusokonezeka mutu kwa okalamba.

Dotolo_Wopuma:
Kwa agogo otere chilipo chabwino kuposa mofini. Amabaya mankhwala ochititsa dzanzi chapamphechepeche, pafupi ndi mitsempha yopita kuntchafu, njira yotchedwa fascia iliaca block. Jakisoni mmodzi, mwendo umachita dzanzi maola angapo, munthu osaledzera ndi mankhwala, osasokonezeka kapumidwe. Imaphunzirika, si ya akatswiri okhaokha. Mukadzakumana nazonso muzifunsa ngati alipo woidziwa.

Mai_Mapasa:
Nanga ana? Wanga wa zaka zitatu atathyoka mkono ankangolira, sakanatha kunena kanthu.

Nesi_wa_Usiku:
Ana aang'ono timagwiritsa FLACC, ya mu 1997, yoyambira miyezi iwiri mpaka zaka 7. Nayonso ndi yoyang'ana: nkhope, miyendo, kutakataka, kulira, ndi kutonthozeka. Okulirapo timawaonetsa nkhope zojambula zisanu ndi imodzi, kuyambira yosekerera mpaka yolira, za Wong-Baker, mwana n'kuloza yofanana ndi mmene akumvera. Chenjezo langa kwa makolo: mwana amene wangokhala zii, osasewera, osafuna kugwedezeka, angakhale akumva ululu woposa wa amene akukuwa.

Mankhwala a ana amayendera kulemera, paracetamol ndi 15 mg pa kilogalamu iliyonse, n'chifukwa chake timawakweza pasikelo. Kumene zipangizo zilipo, mwana wothyoka amamupopera fentanyl m'mphuno, amagwira m'mphindi zochepa popanda kulimbana naye pofuna mtsempha. Makanda kuyamwa kapena timadontho ta madzi a shuga pa lilime kumachepetsa ululu wa kubaya. Ndipo mayi akhale pomwepo amunyamule, osamutulutsa panja.

Wa_Famase:
Ndiwonjezere ziwiri za ana. Codeine asapatsidwe mwana wosakwana zaka 12, ngakhalenso mayi woyamwitsa. Chiwindi chimamusandutsa mofini, ndipo anthu ena matupi awo amachita zimenezi mothamanga kwambiri moti mlingo wabwinobwino umasanduka poizoni, pomwe ena samusandutsa n'komwe ndiye sawathandiza. Aspirin nayenso ayi kwa osakwana zaka 16, kuopa matenda a Reye amene amagwira chiwindi ndi ubongo.

Wa_Ambulansi:
Nonse mukukamba za mankhwala, koma ife a pamsewu timayamba ndi manja. Fupa lothyoka limapweteka kwambiri likamagwedezeka. Ukalimangirira bwino kuti lisasunthe, n'kukweza mwendo kapena mkono, ululu umatsika usanatsegule bokosi la mankhwala. Wopsa ndi moto kapena madzi otentha, muthireni madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati ayezi, osati mankhwala otsukira mano, kenako phimbani, chifukwa mpweya ukamakhudza bala umawawitsa. Tikakhala ndi Entonox, mpweya uja wosakaniza theka nitrous oxide theka oxygen, wodwala amadzikokera yekha pamene tikumunyamula, koma sitipereka kwa amene tikuganiza kuti mpweya watsekeredwa m'chifuwa mwake. Ketamine, mankhwala ogonetsera pa opaleshoni, akakhala wochepa ndi bwenzi lathu kwa ovulala kwambiri, poti sagwetsa BP ngati mofini. Ndipo kungomuuza munthu zimene ukuchita ndi zimene zichitike kumathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Wamantha amamva ululu kawiri.

Mtsutsi_Weniweni:
Zonsezi ndi zokoma kumva, koma ine ndikuti nambalayo ingochotsedwa. 7 wanga si 7 wa a Selo. Ndiye mukuyeza chiyani?

Selo_Yopindika:
Sakuyerekeza ine ndi inu. Akuyerekeza ine wa 9 koloko ndi ine wa 10 koloko. Vuto n'lakuti wa 10 kolokoyo palibe amabwera kudzamufunsa.

Wa_Shifiti_Ziwiri:
Apo ndiye ndilibe chodzitetezera. Kufunsa koyamba timafunsa chifukwa pafomu pali bokosi lake. Kubwereranso pakatha theka la ola kapena ola ndi kumene timagwa. Ndipo n'koopsa, chifukwa ululu wosamva mankhwala ndi uthenga. Munthu amene tamuika chikhakha, ululu n'kumakwererakwerera, zala zikuchita dzanzi, mwina minofu yatupa mkati magazi sakuyenda, ndipo tikachedwa maola ochepa chiwalo chimawonongeka. Mutu wobwera mwadzidzidzi ngati wamenyedwa ndi chibonga, ululu wa pachifuwa, mnyamata wopweteka machende mwadzidzidzi, mayi wa msinkhu wobereka wopweteka m'munsi mwa mimba uku akuchita chizungulire, onsewa timapha ululu inde, koma tikuthamangira chimene chaubweretsa. Mbali inanso, okalamba ndi a shuga amatha kudwala mtima ululu uli wochepa, ndiye nambala yotsika si chilolezo chomubweza munthu.

Mayi_wa_Atatu:
Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri kuposa zimene ndinafunsa. Tsono ndikadzapezekanso pabenchi paja, ndidzanene chiyani kuti ndisaoneke wamwano? Komanso tikanawamwetsa panado kunyumba tisananyamuke tikanalakwa?

Nesi_wa_Usiku:
Simukanalakwa, bola kutiuza dzina la mankhwala, mlingo ndi nthawi imene anamwa, kuti tisawonjezere pamwamba. Pa ululu wa m'mimba pewani ibuprofen ndi anzake mpaka aonedwe, ndipo musawapatse chakudya. Mukafika fotokozani pamene pakupweteka, nthawi imene zinayamba, ngati zinabwera mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, ngati ululu ukulasa, kupotokola, kuwotcha kapena kufinya, kumene ukulowera, ndi chimene chikuukulitsa. Wa apendikisi nthawi zambiri umayambira pamchombo n'kusamukira kumunsi kudzanja lamanja, ndipo kungonena zimenezo kumatidzutsa. Tchulaninso matenda ena amene ali nawo ndi mankhwala amene thupi lawo limadana nawo.

Mukakhala pabenchi zinthu n'kusintha, bwererani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nenani kuti, "Ululu wakwera, pano sakuthanso kuyenda, chonde muwayezenso." Mawu akuti wakwera amatikakamiza kuunikanso mtundu umene tinawapatsa. Ndipo mukhoza kufunsa mwaulemu kuti pali chimene angalandire pamene akudikira dokotala. Si mwano umenewo.

Mayi_wa_Atatu:
Ndawawerengera bambo zonsezi ali chigonere, kenako ndawafunsa chifukwa chake anatchula 5. Akuti pafupi nawo panali mnyamata wa ngozi ya njinga yamoto, magazi okhaokha, ndiye anaona kuti 10 ndi wa ameneyo. 9 ndi 8 anasiyira amayi ena amene ankabuula pakona. Iwo anadziwerengera kuti pamzere wa ovutika usiku umenewo anali chapakati.

Kadzidzi77:
Bambowa ndi munthu wabwino kwambiri, sangakhalitse ku emergency. Muwauze kuti ulendo wina ndidzawaperekeza ine, nambala ndidzatchula ndine.

Mai_Mapasa:
Inu a 20 mukhale kunyumba. Amayi, ulusi akachotsa liti? Asanyamule zolemera kaye.

Mayi_wa_Atatu:
Atiuza kuti tibwerere Lachiwiri. Pano akuti ali pa 2, koma ndawafunsa kawiri.